Batani Limodzi Lachikasu

Kwawo onse ankamutchula kuti Dinani. Dzinali linayamba ngati nthabwala chaka chimene anayamba ntchito yokonza mawebusaiti, chifukwa munthu akamufunsa za foni, za kompyuta, ngakhale za wailesi, yankho lake linkayamba ndi mawu omwewo: "Dinani apa." Mapeto ake ngakhale mayi ake anayamba kumuitana choncho.

Lolemba lina m'mawa Dinani anakwera masitepe opita ku jimu ya alamu ake, laputopu ili kumsana. Jimuyo inali pamwamba pa shopu ya telala, m'chipinda chimodzi chachitali chimene kale ankasungiramo matayala. Munali njinga zitatu zopalasa pamalo amodzi, makina awiri othamangirapo, mabenchi, zitsulo zondandalika kukhoma kuyambira kakang'ono mpaka chachikulu, ndi galasi lalikulu lokhala ndi mng'alu pakona. Ukhondo wokha unalipo, pansi pali waliwali. Chimene munalibe ndi anthu.

Alamu akewo, amuna a mkulu wake, ankadziwika kuti a Mapewa, ndipo ukawaona sunkafunsa chifukwa chake. Pakhomo ankalowa cham'mbali. Paunyamata wawo ankanyamula zitsulo m'mipikisano, ndipo jimuyi anaitsegula zaka zitatu zapitazo ndi mtima wonse. Koma sabata yathayo mkulu wake wa Dinani, yemwe anali mphunzitsi, anamuimbira foni akudandaula.

"Mng'ono wanga, alamu ako akucheza ndi zitsulo. Anthu asanu okha amene amabwera m'mawa akangopita ku ntchito, amatsala okha ndi galasi mpaka madzulo. Bwera uwathandize asanayambe kuzipatsa mayina."

Ndiye anabwera.

"Alamu!" a Mapewa anakuwa atangomuona, mawu awo akugunda makoma. "Mwafika! Lero ndiye dziko litidziwa!"

Anamukhazika pa benchi, n'kumupatsa kope lasukulu lodzaza mpaka kuchikuto. Munali maganizo awo onse a webusaiti. Dinani anayamba kuwerenga, ndipo pamene ankatembenuza masamba maso ake ankanka natong'oka. Tsamba likangotseguka, pabwere mkango, ubangule. Kenako malawi a moto atuluke m'mbali zonse. Kenako nyimbo, ya ng'oma zamphamvu. Kenako zithunzi za a Mapewa makumi anayi, zina za kumsana, zina za mkono wokha. Kenako mbiri ya moyo wawo, masamba asanu ndi anayi, kuyambira tsiku limene ananyamula mtsuko wa madzi ali ndi zaka zinayi.

"Alamu," anatero Dinani mosamala, "nanga nthawi yotsegulira mwailemba pati?"

"Aaa, zimenezo ndi zazing'ono. Muziika kumapeto kwinakwake. Munthu ayambe wachita mantha kaye, adziwe kuti kuno si kocheza."

Dinani anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anawayang'ana nkhope. Inali kuwala ngati ya mwana amene wamulonjeza nsapato zatsopano. Anadziwa kuti akayamba kukangana nawo afika Lachisanu asanamvane, chifukwa a Mapewa mkangano ankaunyamula ngati chitsulo, osautula mpaka winayo atatopa. Choncho anatseka kope lija n'kumwetulira.

"Chabwino. Ndikupangirani ndendende mmene mwalemberamu. Koma tikamaliza tikayesa pa munthu mmodzi amene sanalowepo muno. Akapeza nthawi yotsegulira asanatope, webusaiti ikhala imeneyo."

"Mkango womwe?"

"Mkango womwe."

A Mapewa anamunyamula pamodzi ndi laputopu yake n'kuzungulira naye kawiri asanamutsitse.

Lachitatu m'mawa anatsika onse awiri kupita kwa telala. Telalayo anali bambo wochepa thupi, wa magalasi ochindikala, ndipo tsiku lonse ankakhala ataluma mapini kukamwa. Zaka zitatu zonsezo ankangomva zitsulo zikugunda pamwamba pa mutu wake, koma masitepe aja anali asanawapondepo. Foni yake inali yakale, yomangidwa ndi kalabala kuti chivindikiro chisagwe. Dinani ataiona anasangalala, chifukwa webusaiti imene ingayende pa foni imeneyo ingayende paliponse.

"Bambo, tithandizeni," anatero. "Tiyerekeze kuti mukufuna kuyamba jimu. Tsegulani apa, mutiuze kuti amatsegula nthawi yanji."

Telala anaika diresi limene ankapinda pambali, n'kudina. Sikirini inada. Pakati panabwera kachizindikiro kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira. A Mapewa anapinda manja pachifuwa akumwetulira. Kanazungulirabe. Telala anayasamula, anatola diresi lija n'kupitiriza kupinda, foni ili pa ntchafu.

Anali ataiiwala kale pamene mkango unabangula.

Telala analumpha pampando, mapini onse kukamwa kuja balala! Foni inapita uku, diresi uko, ndipo mphaka amene ankagona pa mulu wa nsalu anatulukira pawindo osayang'ana m'mbuyo. Pansi pa tebulo ng'oma zinayamba kulira. Mayi wina amene ankayesa siketi kuseri kwa katani anasuzumira, atagwira siketiyo m'chiuno, n'kufunsa ngati kunja kwachitika ngozi.

Dinani anadziluma mlomo, anayesa kuganiza zinthu zachisoni, koma sizinathandize. Phwete linamuphulika. Anakhala pansi pa mulu wa nsalu uja misozi ili chuchuchu.

Telala anatola foni, anakonza magalasi, n'kuyang'anitsitsa chithunzi choyamba. Chinali chifuwa cha a Mapewa chojambulidwa pafupi kwambiri, chonyezimira, chopanda mutu.

"Kodi akugulitsa nyama?" anafunsa.

"Ndine ameneyo!" a Mapewa anatero.

"Ooo. Pepani." Anatsitsa tsamba ndi chala, anatsitsa, anatsitsa. "Uyunso ndinu? Uyunso? Koma mwajambulitsa, achimwene. Nanga nthawi ija ili pati? Deta yanga ikutha."

Anafika pa tsamba lachitatu la mbiri ya moyo wawo, pamene a Mapewa anathyoka dzino ali sitandade sikisi, n'kubweza foni m'thumba.

"Ine ndagonja. Kukanakhala kufuna jimu, bwenzi nditangogona."

Pokwera masitepe a Mapewa anatsogola ataweramitsa mutu. Dinani anayamba kudandaula mumtima kuti mwina waonjeza. Koma atafika pamwamba anaona mapewa aja akugwedezeka. Ankaseka, chapansipansi, kenako mokweza mpaka anagwira khoma.

"Akuti nyama!" anatero akupukuta maso. "Zaka makumi awiri ndikumanga thupi ili, munthu akuti nyama! Chabwino, alamu, mwawina. Tipange bwanji?"

Mawa lake Dinani analawirira kuti akapeze anthu asanu aja asanapite ku ntchito. Aliyense anamufunsa funso limodzi: musanabwere kuno koyamba, munkafuna kudziwa chiyani? Woyendetsa basi anati ankafuna kudziwa ngati amatsegula sikisi isanakwane. Atsikana awiri ogwira ntchito m'saluni anati mtengo, ndiponso ngati pali posinthira zovala pa akazi okha. Mlonda wina anati anasochera masiku awiri chifukwa khomo lake lili kuseri.

Wachisanu anali mayi wachikulire, namwino wopuma pa ntchito, amene onse ankamutchula kuti a Nesi. Anali aafupi, onenepa bwino, imvi zili mbuu, ndipo ankabwera chifukwa cha mawondo. Anayamba apukuta thukuta ndi kathaulo kawo.

"Mwanangu, ine ndinadutsa pakhomo apo miyezi itatu ndisanakwere. Ndinkafika pa sitepe yoyamba n'kubwerera. Ndinkati mmwambamo muli anyamata a minofu okhaokha, akandiona ine ndi chimimba changachi agwa n'kuseka. Chimene ndinkafuna kudziwa n'chakuti, kodi muli munthu wonga ine?"

Dinani anaona a Mapewa atasiya kupukuta benchi. Anaima chilili, nsanza ili m'manja.

"Miyezi itatu, amayi?" anafunsa motsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba Dinani kuwamva akulankhula motsitsa.

"Itatu yathunthu. Nanga chithunzi munapachika pakhomo chija, mutakwinya nkhope ngati mukufuna kumenya munthu, ndani angakwere?"

Dinani anatenga pepala limodzi n'kujambula foni yaikulu. Pamwamba anaika bokosi la chithunzi chimodzi. Pansi pake mawu ochepa. Kenako masiku ndi maola, mtengo, mapu ndi chithunzi cha khomo lakuseri lija. Ndipo pakati, poti chala chachikulu chifike mosavuta, anajambula batani limodzi n'kulipaka chikasu ndi cholembera cha a Nesi.

"Batani limodzi lokha?" a Mapewa anadabwa.

"Limodzi. Mukaika asanu, munthu amayamba kuganiza. Akayamba kuganiza amakumbukira kuti ali ndi zochapa."

Pa batanipo anagwirizana kulembapo kuti: Bwerani Loweruka mudzayese ulere. Munthu akadina, alembe dzina ndi nambala, basi. Uthengawo uzipita pa foni. Foni ya a Mapewa inali itaphwanyika mwezi wathawo ataikhalira, choncho Dinani anaika nambala ya mkulu wake, poganiza kuti mauthenga awiri kapena atatu sangamusokoneze munthu.

Chinatsala ndi chithunzi cha pamwamba. Anthu asanu aja anavomera kuchedwa pang'ono kuti ajambulidwe, ndipo apa m'pamene zinthu zinavuta. Anthu amene mphindi zisanu zapitazo ankapalasa njinga bwinobwino, atangoona foni yawaloza anauma gwa. Woyendetsa basi anakoka mimba mpaka maso anafiira. Atsikana a m'saluni anapendeketsa mitu n'kutulutsa milomo. Mlonda anachita sawasha. A Nesi anaima manja m'mbali ngati akujambulitsa chiphaso.

"Masukani!" Dinani anawachonderera. "Chitani ngati ine palibe!"

Anauma kuposa poyamba.

Nthawi yonseyi a Mapewa anali atazimiririka. Anatulukira kuchokera kosinthira zovala atavala kakabudula kofiira ka m'masiku a mipikisano, thupi lonse atalipaka mafuta, akunyezimira ngati galimoto yotsuka kumene.

"Ndingoima kumbuyo, alamu. Kumbuyo kwenikweni. Sindisokoneza."

Kabudulayo anasokedwa a Mapewa ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo kuchokera nthawi imeneyo panali patadutsa maphwando ambiri. Anapita kumbuyo, anawerama kuti atole chitsulo chachikulu chija, ndipo m'chipinda monse munamveka phokoso lalitali la nsalu yong'ambika, losachita kufunsa: kweee!

A Mapewa anakhala chiweramire, osayerekeza kudzuka. Ndiye anayamba kubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono kulowera kukhoma, kuiwala kuti khoma limenelo ndi la galasi.

A Nesi ndi amene anayamba. Anali atanyamula kachitsulo kakang'ono m'mwamba ndi dzanja limodzi, ndipo kuseka kunawapeza ali choncho. Anaponya mutu kumbuyo, maso atatsinzina, mano onse pamtunda, kachitsulo kali m'mwamba ngati chikho chimene awina. Kumbuyo kwawo woyendetsa basi anamasula mimba ija n'kugwera pa njinga, atsikana aja atakolekana m'khosi. Chala cha Dinani chinadina chokha, iye akugwedezeka ndi phwete, ndipo mwa zithunzi khumi ndi ziwiri zimene anajambula, chimodzi chokha ndi chimene chinatuluka bwino. Koma chinali chokwana. A Mapewa sankaonekamo, kupatula chigongono chonyezimira pakona.

"Chigongono chokha?" anadandaula atavala buluku.

"Koma ndi chigongono chabwino, alamu."

Pansi pa chithunzicho Dinani analemba mawu a a Nesi omwe, atawapempha: Muno muli anthu onga inu. Anachepetsa zithunzi zonse kuti zisamadye deta, anakulitsa zilembo kuti munthu wa magalasi asavutike, ndipo mbiri ya moyo wa a Mapewa anaifinya mpaka inatsala mizere itatu. Dzino lija linatsala kunja.

Masana omwewo anatsikiranso kwa telala. Atangowaona anayamba walavula mapini onse m'mbale, n'kutulutsa mphaka panja.

"Palibe chilombo?"

"Palibe, bambo."

Anadina atatalikitsa foni. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Anayang'ana chithunzi chija n'kuyamba kumwetulira yekha.

"Awa si amayi amadutsa apa m'mawa aja? Akuseka chiyani?"

"Nkhani yaitali," a Mapewa anayankha msanga.

"Mumatsegula hafu faifi. Loweruka seveni. Khomo lili kuseri, eya, ndikulidziwa." Chala chake chinaima pamwamba pa batani lachikasu lija. Anawayang'ana onse awiri pamwamba pa magalasi. "Ulere weniweni?"

"Weniweni."

Anadina. A Mapewa anagwira Dinani paphewa mwamphamvu moti anatsala pang'ono kugwada.

Madzulo a Lachinayi limenelo webusaiti inayamba kugwira ntchito. Dinani anaitumiza kwa anthu asanu aja, n'kupita kwawo mtima uli mbee. Chimene sankadziwa n'chakuti a Nesi anagwira ntchito m'zipatala zinayi pa zaka makumi atatu, ndipo anali m'magulu a pa foni osawerengeka: la anamwino opuma, la kwaya, la azimayi a mumsewu mwawo, la makolo a kusukulu ya adzukulu awo. Onsewo anawatumizira, ndi mawu akuti, "Taonani mnzanu ndatchuka."

Lachisanu cha m'ma leveni foni ya Dinani inalira. Anali mkulu wake, akunong'ona.

"Iwe, wandichita chiyani?"

"Bwanji, achemwali?"

"Ndili pa msonkhano wa aphunzitsi. Foni yanga ikunjenjemera m'chikwama ngati muli njuchi. Chikwama chayenda chokha patebulo mpaka chagwera pa miyendo ya ahedi! Anthu awa ndi ndani? Wina akufunsa ngati angabwere ndi apongozi ake!"

"Alipo angati?"

"Ndinasiya kuwerenga pa sate. Dikira, wina walowanso. Wina uyu."

Dinani anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Anayamba kuvina yekha pakati pa chipinda, foni ili kukhutu. Ali mkati movina anakumbukira chinthu chimene chinamuumitsa mwendo uli m'mwamba. Sanaike malire. Batani lija linkangolandira aliyense, ndipo jimu ya a Mapewa inkakwana anthu khumi ndi awiri, akapanikizana khumi ndi asanu.

Anatseka batani lija msangamsanga, koma mayina anali atakwana kale makumi asanu ndi mphambu zitatu. Anathamangira ku jimu kukaulula.

"Alamu, ndalakwitsa. Tiwaimbire ena, tiwauze abwere sabata yamawa."

A Mapewa anayang'ana mndandanda wa mayina uja nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Anthu onsewa akufuna kubwera kwa ine?"

"Eya, koma malo..."

"Palibe wobwezedwa! Munthu walimba mtima kudina, ine ndimuuze kuti bwerera? Abwere onse! Ndi apongozi omwe!"

"Ambiri sabwera," Dinani anadzitonthoza. "Za ulere anthu amangolemba."

Loweruka, seveni isanakwane, mzere unali utayambira pakhomo la jimu, kutsika masitepe onse, kukhota pakona, mpaka pawindo la telala. Munali azimayi a kwaya ovala masiketi ndi nsapato zothamangira za ana awo. Munali abambo a mimba zawo, ena atavala majezi a mpira amene anasiya kuwakwana kalekale. Bambo wina anabwera ndi jekete ndi tayi, akuti amafuna aone kaye. Apongozi aja anabweradi, atanyamula mpando wawo wopinda. Ndipo aliyense akaona a Nesi ankakuwa, "Ndi omwe aja! A pachithunzi aja!" A Nesi ankagwedeza dzanja ngati mkwatibwi.

Dinani anaima pakona, osadziwa ngati aseke kapena athawe. Mkulu wake anafika atanyamula kaundula ndi wezulo ya kusukulu.

"Iwe wayambitsa, ine ndimalize," anatero, n'kuliza wezulo ija. Anthu akuluakulu makumi asanu anangoti chete ngati ana a sitandade wani.

Anawagawa patatu. Gulu loyamba linakwera mmwamba ndi a Mapewa. Gulu lachiwiri linapita pabwalo loimika magalimoto kuseri, limene Loweruka linkakhala lopanda kanthu, ndipo a Nesi anadzipereka kulitsogolera. Gulu lachitatu linapatsidwa masitepe: kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, woyendetsa basi akuwerengera mokuwa ngati akuitanira anthu. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu wezulo inkalira, magulu n'kusinthana.

Zitsulo sizinakwane, ndiye pabwalo paja anthu ananyamula zimene anapeza: mabotolo a madzi, njerwa, zikwama zawo zomwe. Telala, amene anabwera atavala kabudula wodzisokera yekha wa nsalu ya makatani, anathamangira m'shopu n'kutuluka ndi mpukutu wa lasitiki wa m'chiuno. Anadula zidutswazidutswa n'kugawira anthu kuti azikoka. Lasitiki wina anapulumuka m'manja mwa mayi wina n'kukamenya bambo wa tayi uja kumbuyo, ndipo bamboyo analumpha bwino kwambiri moti a Nesi anauza gulu lonse kuti lichite chimodzimodzi.

Azimayi a kwaya sakanatha kuchita chinthu pamodzi osaimba. Wina anayambitsa, ena anapolokozera, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linkanyamula njerwa motsatira nyimbo, ya mawu anayi. A pamasitepe anailandira. Mmwamba, a Mapewa anatulutsa mutu pawindo, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuimba besi. Anthu odutsa mumsewu anaima. Ena anafunsa ngati ndi ukwati. Awiri anavula majekete n'kulowa m'gulu.

Dinani anakhala pa sitepe yapakati, laputopu pamiyendo, akuyesa kukonza batani lija kuti Loweruka lotsatira lizilandira anthu khumi ndi awiri pa ola lililonse. Anthu ankamudumpha uku ndi uku, ena akumugwira pamutu kuti asagwe. Ankalemba mzere umodzi, n'kuseka, n'kulakwitsa, n'kufufuta. Atangomaliza, mthunzi unamuphimba. Anali a Nesi, manja m'chiuno.

"Ndiwe watiitana tonsefe, eti? Ndiye iwe wakhala?"

"Amayi, ine ndili pa ntchito..."

"Tseka chimenecho."

Anamulanda laputopu n'kumupatsa njerwa ziwiri. Mkulu wake anaseka mpaka wezulo inagwa kukamwa, ndipo a Nesi anamuona.

"Nanunso aphunzitsi, bwerani kuno. Kuliza wezulo si masewera olimbitsa thupi."

Choncho awiriwo, mkulu ndi mng'ono wake, anapezeka ali pakati pa bwalo, akunyonyomala ndi kudzuka, kunyonyomala ndi kudzuka, maulendo amene Dinani anasiya kuwerenga atafika makumi atatu. Atamaliza pamenepo anawapititsa pamasitepe. Atamaliza masitepe anawakweza pa njinga, a Mapewa ataima pambali akukuwa, "Limbani, alamu! Limbani, mayi a kunyumba!" ngati kuti iwo sanali oyambitsa nawo.

Pofika teni koloko anthu anayamba kubalalika, akutsimphina, akuseka, akupatsana manambala. Apongozi aja, amene nthawi yonseyi sanadzuke pampando wawo, anauza a Mapewa kuti masewerawo anali abwino kwambiri ndipo adzabweranso. Si onse amene anabwerera, ayi. Bambo wa tayi sanaonekenso. Koma Lolemba lotsatira anthu khumi ndi asanu ndi anayi analembetsa, telala ali woyamba, ndipo mwezi usanathe a Mapewa anatsegula kalasi ya masana ya azimayi, a Nesi akuwathandiza. Nambala ya pa webusaiti anaisintha tsiku lomwelo, mkulu wake wa Dinani atanena kuti akapanda kutero foniyo aiponya m'chitsime.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Loweruka lija, anthu onse atapita, Dinani, mkulu wake ndi a Mapewa anagona chagada pa timateti, akuyang'ana kudenga, osatha ngakhale kulankhula. Wina akangoti, "lasitiki," onse ankayambiranso kuseka, akugwira nthiti ndi kubuula.

Kenako inakwana nthawi yopita kunyumba. Dinani anadzuka bwinobwino, anayenda mpaka pakhomo, anaponda sitepe yoyamba, ndipo mwendo unangoti lobodo. Anagwira chitsulo cha m'mbali.

"Achemwali, miyendo yanga yakana."

"Usandiseketse, iwe. Yanganso si yanga."

Anayesa cham'mbali, zinakanika. Anayesa chobwerera, zinakanika. Mapeto ake Dinani anakhala pansi pa sitepe yapamwamba, mkulu wake anakhala pambali pake, ndipo anayamba kutsika chokhala, sitepe imodzi imodzi, aliyense akuti "mayo" pa sitepe iliyonse. A Mapewa ankabwera pambuyo atanyamula laputopu, zikwama ziwiri ndi kaundula, akuwauza kuti mawa ndiye kudzawawa zenizeni.

Ali pakati pa masitepe, mayi wina amene ankadutsa mumsewu anaima n'kuwayang'ana, azimayi awiri akuluakulu akukhwekhwereza matako pamasitepe, misozi ili m'masaya.

"Pepani," anafunsa mwaulemu, "amenewanso ndi masewera ake?"

"Eya, mayi," mkulu wake wa Dinani anayankha nkhope ili gwa. "Awa ndi a anthu amene afika patali."

Ndipo anatsika sitepe ina.